Chikhomo Chimene Ndinasuntha

Anthu amene sanagwirepo thangata amaganiza kuti choopsa chake chinali chikoti. Chikoti chinalipo, sindikana, koma chimene chinkandidya ine chinali kufanana kwa masiku. Lipenga la kapitawo likalira mmamawa, umanyamula khasu, mwana kumsana, kutsika njira yomweyo, kuoloka kamtsinje komweko, kukaima pansi pa bulugama ndi nkhope zomwezo zatulo. Ukalima, ukaweruka, ukatunga madzi, ukasinja, ukagona. Mawa lipenga. Ndikafuna kudziwa kuti lero ndi lachingati ndinkachita kuyang'ana tikiti yanga, chifukwa m'mutu mwanga masiku onse anali amodzi.

Ife tinachokera kwa Apwitikizi ine ndili kamtsikana. Amene anatitsogolera anali amalume anga, alongo awo a amayi, eni mbumba yathu. Ndiwo anatiolotsa mtsinje wa Ruo, ndiwonso anakagwada kwa mzungu wa esiteti ina ya kufupi ndi Luchenza kupempha malo. Mzunguyo anatipatsa pomanga ndi polima chimanga, koma miyezi ya dzinja nyumba iliyonse inkapereka munthu wokagwira ntchito m'munda wa tiyi. Ndilo thangatalo. Pa nthawi imene ndikunenayi ndinali nditakwatiwa, ndili ndi mwana woyamwa. Amuna anga anali atapita ku Halale, mpaka zii, ndiye munthu wa nyumba yathu ndinali ine ndemwe.

Ntchito yathu chaka chimenecho inali yokumba kapinga m'munda wa tiyi wamng'ono, paphiri lomwe anali atangogwetsapo nkhalango. Kapinga si udzu wopalira pamwamba ayi, umafunika kuutsata mizu mpaka pansi, ukasiya kachidutswa kamodzi mawa wadzuka. Tinkagwira mgwazo. Kapitawo ankayamba wayenda m'mphepete mwa njira ndi nsungwi yake yaitali, kuyeza ndime ya munthu aliyense n'kukhoma chikhomo. Kuchokera pa chikhomo ichi kulekeza pa chinacho, mizere yonse ya tiyi ya pakatipo inali yako, kuyambira panjira kukwera mpaka pa ngalande ya kumtunda. Ukamaliza ankakuchongera tikiti, uzipita. Ukalephera lipenga lamadzulo lisanalire, tsiku limenelo lapita pachabe.

Malamulo oopsa pa esiteti imeneyo analipo awiri, ndipo ngakhale ana ankawadziwa. Munthu wolephera ndime katatu pa mwezi ankamuthamangitsa pamalo, nyumba kugwetsa, chimanga kusiya m'munda. Wosuntha chikhomo analibe ndi katatu komwe. Chaka chapitacho tinaona bambo wina atagonekedwa panjira pomwepo, atakwapulidwa tonse tikuona, ndipo mawa lake banja lake linali pa ulendo ndi mphasa pamutu. Sindinganame kuti sindinkadziwa.

Chinandilowa m'mutu ndi sitima. Masiku ake inkalira kutsidya kwa zigwa, cha ku Luchenza, dzuwa litangopendeka pang'ono, ndipo tonse tinkaweramuka kumvetsera ngati taitanidwa. Ena ankati imadya moto, imamwa madzi ngati ng'ombe. Ena ankati ndi nyumba zolumikizana zoyenda zokha. Ine, mayi wamwana, wokulira pamtunda woti ukanyamuka mmawa ukafika dzuwa lisanatenthe, ndinali ndisanaionepo. Mufunsa kuti bwanji osapita chilimwe, thangata litatha. Mukanawadziwa amayi anga simukanafunsa. Ankati mkazi amene mwamuna wake palibe akangoponda ku Luchenza, dzina lake limabwerako iye asanafike. Njira yokhayo inali kuzemba kuchokera kumunda, iwo akuganiza kuti ndikulima. Koma kuti ndikaipeze ndinayenera kumaliza ndime dzuwa lisanafike pamutu, chinthu chomwe ndinali ndisanachitepo chibadwire.

Kudzanja langa lamanja masiku onse kunkalima chimunthu china chachitali, chodzitama, chomwe chinkamaliza msanga n'kumadutsa chikuimba mluzu, kumatiseka akazi kuti timalima ngati nkhuku zikupalasa. Chinkandinyansa koopsa. Ndinati mumtima, chimenechi chikasenza mizere yanga iwiri sichimva n'komwe, ndipo chizidziwako kuti thukuta n'chiyani.

Mmawa wa tsiku la sitima kunagwa nkhungu yoti munthu ali poteropo umangomva chifuwa chake. Kapitawo atatha kukhoma zikhomo anayamba kutitenga mmodzimmodzi kukatisiya m'ndime. Anandifikitsa pa yanga, anati, "Apa ndi panu, mayi," n'kubwerera kukatenga wotsatira. Mapazi ake atazimiririka ndinathamangira kumanja, ndinazula chikhomo, ndinachibweza mizere iwiri kumbali yanga. Sindinachikhome ndi khasu, phokoso likanamveka. Ndinachikanikiza ndi chidendene, dothi linali lofewa. Ndikanakonda kunena kuti ndinachita mosaganiza, koma ndinali nditaziganiza sabata yathunthu.

Ndinalima ngati wogwidwa mizimu. Mwana analira, ndinamukokera kutsogolo n'kumuyamwitsa ndili chiweramire, dzanja lina likuzula mizu. Kumanjako ndinkamva khasu likugunda patali, chifukwa munthu ankayambira mbali ya kutali n'kumabwera. Linkagunda pang'onopang'ono, ndipo ndinaseka ndekha kuti chodzitama chija lero chagona ndi njala. Kenaka ndinamva chifuwa. Chifuwa chimenecho ndinkachidziwa, ndinkachimva mmawa uliwonse kuseri kwa nyumba yathu.

Nkhungu itayamba kung'ambika ndinaweramuka. Anali amalume, atavula malaya, nthiti zikuwerengeka. Chimunthu chija, ndinamva pambuyo pake, anali atachitenga kukadula nkhuni za kufakitale, ndipo kapitawo anangoika wotsatira pamalo pake. Amalume anali atadwala chifuwa dzinja lonselo, ndipo mwezi umenewo anali atalephera kale ndime kawiri. Mudzi wonse unkadziwa. Amayi ankawaphikira phala mbandakucha kuti apeze mphamvu, ine ndemwe ndinkawapititsira.

Ndinayang'ana chikhomo. Tsopano kunali kutayera, phiri lonse lili pambalambanda, kapitawo akuyenda m'njira ndi ndodo kumbuyo. Kuchigwira kunali kudzipereka ndekha. Kuwalimira mizere iwiriyo sikukanatheka, chifukwa kudumpha chikhomo n'koletsedwa. Ankati amene ali ndi mphamvu zothandiza mnzake ndiye kuti ndime zachepa, mawa ankaonjezera aliyense, ndipo anzako omwe ndiwo ankayamba kukukuwiza. Panatsala njira imodzi, kupita kwa kapitawo n'kunena. Ndinaganiza za bambo uja atagona panjira. Ndinaganiza za ine ndi mwana kumsana, wopanda mwamuna, kubwerera kumene tinathawa. Ndinaweramanso n'kupitiriza kulima, ndikudziuza kuti amalume ndi mwamuna, amaliza, dzuwa likadalipo lambiri.

Nditamaliza kapitawo anabwera. Anayenda kuchokera chikhomo china kufika chinzake, akutokosa dothi ndi ndodo kufuna mizu yotsala.

"Lero mwadya chiyani, mayi?" anafunsa.

"Mwana sanavute, bambo," ndinatero, maso ali pansi.

Anachonga tikiti. Njira yotulukira inkadutsa kumunsi kwa ndime ya amalume, panalibe kolambalala. Anaimika khasu, anapukuta nkhope ndi mkono.

"Wamaliza, mphwanga? Wachita bwino. Pita ukapume, mwanayo wapsa ndi dzuwa."

Ndinayankha chiyani sindikumbuka. Ndinabisa khasu pa tchire ndipo ndinalowera njira ya ku Luchenza. Inde, ndinapita. Amene akufuna kunditukwana anditukwane, ndinadzitukwana kale ndekha kuposa mmene angathere.

Ndili pakati pa njira, potsika kukhwawa, ndinaona una wa nkhululu m'mbali mwa njira, kadzenje kozungulira bwino m'dothi lofiira. Ndinaima chilili. Dzenje la chikhomo. Ndinali nditazula chikhomo n'kusiya dzenje lake lili yasa, m'mphepete mwa njira momwe khasu silifika, momwe kapitawo amayendamo tsiku lonse maso ali pansi. Aliyense woliona akanangowerenga mizere iwiri n'kudziwa yemwe wapindula. Kubwerera sikukanatheka, munthu wochongedwa kale akaonekanso m'munda amafunsidwa chimene waiwala. Miyendo inangopitirira yokha.

Za ku Luchenza ndilibe zambiri zokamba, chifukwa maso anga ankaona koma mutu unali pa kadzenje kaja. Ndikukumbuka timasitolo ta malata, fungo la nsomba zouma, ndi amuna ovala zisoti zoyera akutsitsa matumba pa ngolo. Ndinakaima pomwe panaima anthu, pafupi ndi zitsulo ziwiri zogona pansi. Zitsulozo zinayamba kulira zokha, chinthucho chisanaoneke. Kenaka nthaka inanjenjemera m'mapazi, ndipo chinatulukira pokhota, chakuda bii, utsi uli tolotolo, chikupuma ngati chilombo chothamangitsidwa. Chitalira pafupi, kulira komwe kuja ndinkakusirira ndili kumunda, ndinapezeka ndakhala pansi m'fumbi, nditaphimba mutu wa mwana ndi manja. Mwanayo analira mpaka mawu kutha.

Bambo wina wachikulire wa mkanjo woyera anandigwira pa chigongono.

"Dzukani, mayi, musaope. Iyo sipatuka, imayenda momwe anaiikira."

Ndinadzuka, koma sitima itaima munatsika amuna awiri a zovala za kaki, ndipo mutu wanga unandiuza kuti ndi asilikali, amva kale, abwera kudzanditenga. N'zopusa, ndikudziwa. Akanamva bwanji, ali m'sitima? Koma mantha alibe nzeru. Sindinawathokoze bambo aja, sindinayang'anenso sitimayo kuti mawilo ake ndi angati kapena anthu amalowera pati. Ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, mwana akugunda kumsana. Chinthu chimene ndinachifuna zaka zonsezo ndinachiona nthawi yosakwana kumwa chikho cha madzi.

Ndinafika kumunda dzuwa litatsamira phiri. Anthu onse anali ataweruka kupatula amalume. M'njira munali mutaima akazi awo ndi amayi, manja ali m'khosi. Amayi atandiona sanafunse komwe ndinali, anangoti, "Taona alongo anga." Amalume anali atatsala ndi mizere iwiri. Iwiri yeniyeni, yomwe ija. Khasu ankalikweza kufika m'chiuno basi, likagwa ankayamba atsamira mpini kenaka n'kulikoka.

Kapitawo anali ataima chapatali, lipenga lili m'manja. Ndinene zoona, munthu uja anachedwetsa. Anayang'ana dzuwa, anayenda uku ndi uku, anakonza chipewa. Koma mzungu ankamvetsera lipengalo ali pakhonde pake kumtunda, ndipo pomaliza analiika pakamwa.

Atatha kuliza anabwera pomwe tinaima. Anayang'ana ndime ya amalume, anayang'ana yanga. Anapendeketsa mutu.

"Akulu," anatero, "ndime yanuyi ikundionekera yaikulu. Nsungwi ndatumiza kale kushedi, koma mukadandaula ndikaitenga tiyezenso."

Lamulo linali lotero, mwini ndime akadandaula ankayezanso. Akanayeza yawo akanayezanso yoyandikana nayo. Ndinamva mkaka ukutuluka wokha n'kunyowetsa nsalu. Kapitawo anayamba kuyenda m'mphepete mwa njira, pang'onopang'ono, kuchokera pa chikhomo changa kulowera kumanja, ndodo ikutokosa. Mzere woyamba. Mzere wachiwiri. Ndinatseka maso. Nditatsegula anali atapitirira, akutokosabe. Ndinayang'ana pamalopo ndi ngodya ya diso. Panalibe dzenje, dothi linali see ngati pena paliponse. Mvula inali isanagwe tsiku limenelo. Ndinaganiza kuti mwina ndasokoneza malo, kapena wina walipondapo podutsa, ndipo ndinathokoza Mulungu mumtima, wopanda manyazi ine.

Amalume anakhala pansi pa ngalande, anatsokomola nthawi yaitali.

"Musavutike, bambo," anatero. "Ndime ili bwino. Amene wakula ndine."

"Mukudziwa kuti ndi kachitatu?"

"Ndikudziwa kuwerenga."

Amayi anayamba kukuwa kuti ayeze, ayeze basi, anthu awa amapatsa nkhalamba ndime ya anyamata dala kuti alande minda. Amalume anawadzudzula ndi liwu limodzi, ndipo amayi analeka, chifukwa mwini mbumba akayankhula nkhani yatha. Kapitawo anayang'ana tikiti yawo, anaibweza osachonga, anapita.

Masiku amenewo kunalibe zopatsa munthu nthawi yokolola. Uthenga unabwera mawa lake kuti pofika Lolemba nyumba ikhale itagwa. Akuluakulu a mudzi anapita kukapepesa, anabwerako mzungu osamuona n'komwe. Ine masiku amenewo sindinkadya. Munthu akandiyang'ana nthawi yaitali ndinkati wadziwa. Kapitawo akaima kumbuyo kwanga khasu linkanditerera m'manja. Amayi ankati ndikulira amalume, ankauza anthu kuti mwana wawo ndi wachifundo, ndipo mawu amenewo ankandiwawa kuposa chikoti chimene ndinachithawa.

Lamulungu masana ndinawapeza akuzula chitseko cha nyumba yawo, chifukwa chinali cha matabwa, sakanachisiya. Ndinagwada pambali. Ndinali nditakonza mawu onse.

"Amalume, tsiku lija..."

"Gwira uku," anatero. Ndinagwira. "Kweza. Ayi, kumanzere. Manja ako ndi aulesi ngati a amayi ako."

Titachitsamiritsa pa mtengo ndinayambanso. Anandituma kukapala moto wa fodya wawo. Nditabwera nawo panali patafika anthu odzatsanzikana, ndipo ndinamva m'thupi mukupepuka. Ndi mmene ndinalili. Ndinkafuna kuulula, koma ndinkafunitsitsa wina anditsekereze.

Lolemba ananyamuka kulowera kumapiri a kwa Mphuka, komwe anamva kuti kuli malo a mfumu osakhala a mzungu. Chimanga chawo chinali chitangomasula ngaiyaye. Kapitawo anandilola kuwaperekeza mpaka pa mtsinje wa malire, ndime yanga ndikalime pobwera. Amayi anatsala, miyendo inawakanika ndi kulira. Akazi awo a amalume anatsogola ndi dengu la mapoto, mwamuna wina wa m'mudzi atasenza chitseko. Ine ndinasenza mtolo wa mphasa ndi makasu, ndikuyenda pambuyo ndi amalume chifukwa ankapumira pafupipafupi.

Potsetsereka kupita kumtsinjeko anaima, anatsamira ndodo. Anadikira mpaka enawo atakhota. Anayankhula m'Chilomwe chathu, osandiyang'ana.

"Mphwanga, tsiku lina ukazula chikhomo uzikwirira dzenje lake. Ndinavutika kulipondaponda kapitawo ali pafupi."

Mtolo unagwa wokha. Ndinagwada m'matope, ndinawagwira mapazi.

"Dzuka, anthu atiyang'ana," anatero. "Ine ndikanalephera ndithu, kaya mwezi uno kaya wamawa. Iwe uli ndi mwana."

"Ndikanena, amalume. Ndibwerera pompano ndikanene."

"Ukanene kuti nyumba zigwe ziwiri? Senza mtolowo." Anatsokomola, analavula kumbali. "Ndipo amayi ako asamve. Mlongo ataya kale, asatayenso mwana."

Ndinasenza. Ndinawaolotsa mtsinje, ndinatula katundu tsidya linalo, ndinabwerera kukalima ndime yanga, ndipo ndinaimaliza. Uthenga wa maliro awo unatipeza tisanakolole. Amayi anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo mpaka kumwalira kwawo ankamutemberera kapitawo uja kuti anapha mlongo wawo ndi nsungwi yabodza. Akayamba, ine ndinkakhala pomwepo pamphasa, n'kumavomereza.